Mfundo zofunika musanagule makina anu oyamba a laser

Pa zinkhoswe, pa maukwati ndi pa miyambo yopereka mphoto kusukulu, masiku ano simulephera kuona kathabwa kozokotedwa mayina kapena chikho cha pulasitiki yoonekera. Zambiri mwa izi zimatuluka m'makina a laser. Pamene Kumar Patel ankapanga laser ya CO2 ku Bell Labs ku America mu 1964, chinali chipangizo cha asayansi. Lero makina ang'onoang'ono ochokera ku China amakwana patebulo, ndipo mtengo wake watsika mpaka munthu wa kabizinesi kakang'ono n'kuyamba kuwasirira.

1. Ntchito iyambe, makina abwere pambuyo

Dzifunseni kaye kuti ndani adzakulipirani, ndipo adzalipirira chiyani. Yankho lake ndilo lisankhe makina, chifukwa ilipo mitundu itatu ndipo mtundu uliwonse uli ndi polekezera.

Otsika mtengo kwambiri ndi a diode, monga a Ortur, Atomstack ndi Sculpfun. Kuwala kwake n'kwabuluu. Amalemba bwino pathabwa ndi pachikopa, ndipo amadula plywood yopyapyala ngati muli odekha. Koma pa acrylic yoonekera, imene ambiri amaitcha perspex, kuwala kwabuluuko kumangodutsa osasiya chizindikiro. Munthu amene maso ake ali pa zikho za mpikisano ndi zikwangwani za maofesi akagula diode, wataya ndalama asanayatse n'komwe makinawo.

A CO2 ndiwo amadula acrylic n'kusiya m'mphepete mosalala, amadula matabwa mwachangu, ndiponso amalemba pagalasi. Odziwika kwa oyamba kumene ndi K40, amene malo ake ogwirira ntchito ndi pafupifupi masentimita 30 m'litali ndi 20 m'lifupi. Chikwangwani cha sitolo sichingalowemo. Mtundu wachitatu, wa fiber, ndi wozokotera zitsulo, ndipo mtengo wake si wa munthu amene akungoyesa.

2. Nambala yaikulu pabokosi isakutengeni mtima

Ogulitsa ena amalemba 40W kapena 80W pa makina a diode, pamene akunena za magetsi amene makinawo amadya. Mphamvu ya kuwala kumene kumafika pathabwa imatha kukhala 5W kapena 10W basi. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Funsani mphamvu yotuluka, ndipo ngati n'kotheka pemphani kuti akudulireni chidutswa cha thabwa la mtundu umene inu mudzagwiritse ntchito. Wogulitsa amene akuzemba pempho laling'ono ngati limeneli, musayembekeze kuti adzayankha foni makina akadzafa.

3. Mtengo wa makina ndi chiyambi chabe cha kulipira

Onjezerani ndalama zonyamulira, msonkho wa MRA, fani ndi paipi zotulutsira utsi panja, kapampu kopemerera mphepo pamalo podulidwa, ndi matabwa amene mudzawononge pophunzira. Pulogalamu yoyendetsera makina nayo ili ndi zake: LaserGRBL ndi K40 Whisperer n'zaulere, koma LightBurn, imene ambiri amathera, n'njogula, ndipo amalipira ndi ndalama zakunja. Chubu chagalasi cha CO2 chimafooka pakapita nthawi ndipo chimatha kusweka panjira. Musanatulutse ndalama, dziwani kumene chubu china, magalasi ndi malamba zidzachokere, kaya ndi ku Johannesburg kapena ku China, ndi masabata amene bizinesi idzakhale chiimire mukuzidikira.

4. Makina akhale oyenera kumene mukukhala

Magetsi athu ndi 230V, pomwe makina opangidwira msika wa ku America amayendera 110V mpaka 120V. Onetsetsani musanaitanitse. Kuthima kwa magetsi a ESCOM pakati pa ntchito kumawononga thabwa la kasitomala. Apa diode ali ndi mwayi wake, chifukwa amadya magetsi ochepa moti batire ndi inveta zimawakwanira.

Chubu cha CO2 chimaziziritsidwa ndi madzi, ndipo madziwo safunika kupitirira madigiri 25. Ganizirani za Okutobala ku Chikwawa kapena ku Salima. Choziziritsira cha CW-3000 chimangopemerera ndi fani, choncho sichingatsitse madzi kuposa mmene m'chipindamo mukutenthera; CW-5200 ndicho chimaziziritsadi ngati firiji. Ganiziraninso za intaneti: makina a Glowforge ndi okongola, koma safuna kugwira ntchito popanda intaneti. Kwa munthu wodalira bandulo ya pafoni, nkhani yatha pomwepo.

5. Phindu lisachokere m'mapapo mwa ena

Apa ndi pamene ndimaona kuti chikumbumtima cha mwini bizinesi chimayesedwa. Laser imadula pootcha, ndipo chilichonse chootchedwa chimatulutsa utsi. Wa MDF ndi plywood umakhala ndi guluu. Wa PVC ndiye woipitsitsa: umatulutsa mpweya wa asidi wokhala ndi chlorine, umene umapsereza mapapo ndi kudyetsa dzimbiri makina enieniwo. Zikopa zambiri zopanga ndi nsalu za mabanala zimakhala za PVC. Kasitomala akabwera ndi pulasitiki imene simukuidziwa, kanani ntchitoyo, ngakhale ndalama zake zikhale zokoma.

Mwini makina nthawi zambiri amakhala kunja akusaka maoda. Wopuma utsi tsiku lonse ndi mnyamata amene mwamulemba ntchito, kapena mwana wa mchemwali wanu amene akuthandiza patchuthi, ndipo paipi mukailozetsa pawindo la oyandikana nawo, nawonso apuma nawo. Maso nawo ali pangozi. Makina ambiri a diode amabwera opanda chivindikiro, ndipo kuwala kwake, ngakhale kongonjanja pachitsulo, kumaotcha m'kati mwa diso mosachiritsika. Gulani magalasi oteteza ogwirizana ndi mtundu wa laser yanu, kapena onjezerani ndalama mugule makina otsekedwa m'bokosi. Ana asalowe m'chipindamo. Ndipo musachoke makina akudula, ngakhale kukangoyankha odi, chifukwa thabwa limayaka m'kanthawi kochepa. Chozimitsira moto chikhale pafupi ndi dzanja.

6. Musakongolere chinthu chimene simunachiyese

Katapila sadikira kuti muphunzire kuwongola magalasi a makina. Njira yabwino ndi kulandira maoda oyamba n'kukadulitsa kwa munthu amene ali kale ndi laser. Phindu lidzachepa, koma mudzadziwa zimene anthu amagula, mtengo umene amavomera, ndi miyezi imene ntchito imazilala.

7. Chimene laser yalemba sichifufutika

Dzina la mkwati likalakwika chilembo chimodzi, thabwa lonse latayika, ndipo ukwati uli mawa. Tumizani chithunzi pa WhatsApp, mwiniwake avomereze polemba, ndipo kenako muyatse makina. Mukalakwitsa inu, bwerezani ndi ndalama zanu popanda kukangana. Wina akabwera ndi chizindikiro cha sukulu, cha mpingo kapena chidindo cha ofesi kuti mumuzokotere, mufunseni kalata yochokera kwa eni ake.