Kontena Ikafufutidwa, Detabesi Imatsala Kuti?

Detabesi ya maubale ndi pulogalamu yosunga mbiri m'matebulo olumikizana. Maganizo ake anawalemba Edgar F. Codd wa kampani ya IBM mu 1970. Tebulo lina limasunga anthu, lina midzi, lina mafumu, ndipo nambala imodzi imamangirira mzere wa m'tebulo ili ku mzere wa m'tebulo linzake. Motero mwana wobadwira kwa Mavwere, m'boma la Mchinji, sadziwika ndi dzina lokha: amadziwika ndi mayi ake, mudzi wake, gulupu wake ndi mfumu yaikulu ya dera lake. Malipoti a zipatala za m'derali amakalowa mu DHIS2, pulogalamu yochokera ku yunivesite ya Oslo, yomwe imasunga zonse mu detabesi ya maubale yotchedwa PostgreSQL. Ntchito ngati Mtukula Pakhomo, yomwe inayambira ku Mchinji komweko mu 2006, ndi ziphaso za unzika zomwe anthu analembetsa mu 2017, zimadaliranso kaundula amene sayenera kuiwala.

Kontena ya pakompyuta inatchuka ndi Docker mu 2013. Pulogalamu imakulungidwa pamodzi ndi zonse zofunika kuti iyende, ndipo phukusilo, lotchedwa image, silisintha. Kuchokera ku image imodzi angadzutse makontena ochuluka ofanana. Ina ikavuta, nthawi zambri saikonza. Amaifufuta n'kudzutsa yatsopano m'masekondi ochepa, ndipo zonse zimene zinalembedwa m'kati mwa yakaleyo zimapita nayo. Pamenepa pali kukokana, chifukwa kontena anaipangira kutaya pomwe detabesi anaipangira kukumbukira. Akatswiri amathetsa vutoli posunga mafayilo a detabesi kunja kwa kontena, pamalo otchedwa volume, amene kontena yatsopano imawapeza n'kupitiriza ntchito.

Funso lakale la anthu oganiza mozama limabwerera pano: chinthu chikasinthidwa ziwalo zonse, chimakhalabe chomwecho chifukwa cha chiyani? Plutarch anasimba za chombo cha Theseus chomwe anthu a ku Athens ankachisintha matabwa ovunda mpaka anzeru anayamba kutsutsana ngati chinali chidakali chombo chomwe chija. John Locke, mu 1694, anati munthu amakhalabe yemweyo malinga ndi mmene akudzizindikirira ndi kukumbukira zomwe anachita. Pa detabesi, yankho la Locke likuoneka lokwanira poyamba. Kontena ya lero si ya dzulo, koma ikudziwa zonse zomwe ya dzulo inkadziwa.

Ena amafulumira kunena kuti kontena ndi thupi, volume ndi mzimu. Maganizo amenewa ndi okopa, koma sapita patali. Mafayilo a mu volume sanena kanthu paokha. Amafuna seva, pulogalamu ya detabesi yowawerenga, ndipo si seva iliyonse. Mafayilo olembedwa ndi PostgreSQL 15 sangatsegulidwe ndi PostgreSQL 16. Seva yatsopanoyo imakana kuyamba mpaka mafayilowo atasandulizidwa ndi chida chotchedwa pg_upgrade, kapena atatsanulidwa n'kulowetsedwanso. Kukumbukira kumakhala ndi maonekedwe a chimene chinakumbukiracho. N'zochititsa chidwi kuti chiphunzitso chachikhristu nachonso sichinakhutire ndi mzimu wopanda thupi. Mipingo ya Katolika ndi CCAP, yomwe ili ponseponse ku Mchinji, imavomereza kuuka kwa thupi, ndipo Paulo m'mutu 15 wa kalata yake yoyamba kwa Akorinto akulimbana ndi funso lomweli la thupi limene akufa adzauke nalo: losinthika, komabe la mwini wake.

Mwambo wa Achewa wolowa ufumu ukuunikira mbali imene Locke anaisiya. Mfumu ikamwalira, mbumba, makamaka amayi akuluakulu a banja lachifumu, imasankha wolowa m'malo kuchokera ku mtundu wa kuchikazi, kawirikawiri mwana wa mlongo wake wa malemuyo. Wolowayo amatenga dzina, ndipo Mavwere amakhalapobe ngakhale anthu okhala pampandowo asintha. Iye sakumbukira zimene womutsogolera anaona ndi maso, koma milandu, malire a minda ndi maubale onse zimamugwera, pakuti anthu avomereza kuti ndi iyeyo. Detabesi nayo ili ndi dzina ndi adiresi zomwe mapulogalamu ena amaifunira. Kontena yatsopano imakhala detabesi "yomweyo" pokhapokha italandira dzinalo ndipo onse oidalira atayamba kulembera kwa iyo.

Kuti kuvomerezedwa n'kofunika zimaonekera bwino pakakhala olimbirana awiri. Volume ikakoperedwa, makontena awiri angadzuke ndi mbiri yofanana ndendende, ndipo pa muyeso wa Locke onse awiri ndi enieni. Koma wina akalemba kubadwa kwa mwana mu yoyamba, wina nalemba imfa mu yachiwiri, mbiri yagawika, ndipo kuilumikizanso ndi ntchito yowawa. N'chifukwa chake PostgreSQL imaika fayilo yotchedwa postmaster.pid m'malo a deta, yochenjeza seva ina kuti malowo ali ndi mwini. Chitetezo chimenechi chimadalira nambala ya pulogalamu yomwe ikuyenda, ndipo popeza kontena iliyonse imawerenga nambala zake payokha, makontena awiri olumikizidwa ku volume imodzi angathe kuchilambalala n'kuwononga mafayilo.

Chatsala ndi nkhani ya kudukiza. Magetsi akathima mwadzidzidzi, detabesi siitaya zomwe inavomera kale, chifukwa imayamba yalemba chosintha chilichonse m'kaundula wapadera isanakhudze matebulo; ikadzuka imawerenga kaundulayo n'kumalizitsa zotsala. Koma disiki yosunga volume ikawonongeka, chotsala ndi kope losungidwa kwina. Ngati kopelo ndi la sabata yatha, detabesi yobwezeretsedwayo ili ndi dzina lomwelo, adiresi yomweyo, ndipo aliyense akuivomera, komabe ana obadwa m'sabatayo siikuwadziwa. Ogwira ntchito amaitchabe detabesi yomweyo, kenaka amabwerera ku mabuku a m'zipatala ndi kwa alangizi a zaumoyo kukatenga maina osowawo kuti awalowetsenso.