Wanyowa mwakufuna kwake, timulandire?



Tchuthi cha December chikamayandikira, m'magulu a WhatsApp mumadzaza mapulani: chikwama kumsana, minibasi kuchokera ku Limbe kudzera ku Zomba ndi Liwonde, kugona ku Mangochi, kenako Cape Maclear, Salima, ndiye kutsata nyanja pamsewu wa M5 mpaka ku Nkhata Bay. Azungu akhala akuyenda chonchi kwa zaka zambiri, ifenso tatengera. Koma imeneyi ndi nyengo ya dzinja. Mvula ya kunyanja ikakhazikika zovala siziuma, ndipo msewu ulibe lonjezo. Mu February 2024 madzi atasefukira ku Dwangwa, M5 idaduka, apaulendo n'kutsakamira panjira.

Ndiye tiyerekeze mnyamata wasiya nyumba yosadontha mwakufuna kwake, ndalama zamuthera pa Nkhotakota, wanyowa, wafika pamzikiti itatha Isha. Kodi ali ndi gawo pa chifundo chathu?

Mtima umathamangira kukana. Kwathu kuno ku Nchema mvula sitiiona ngati chinthu chojambula. Mu March 2023 namondwe wa Freddy adagumula phiri, matope n'kukwirira mudzi wa Ntauchira m'boma lathu lomwe lino la Chiradzulu. Amene adanyowa masiku amenewo sadasankhe. Tsono wina abwere ndi nsapato zodula kuposa thumba la chimanga, akuti ndithandizeni, zimawawa ndithu.

Koma kumadrasa tidaphunzira kuti mu Surat Tawba, aya 60, muli magulu 8 oyenera kulandira zakaat, ndipo limodzi ndi ibnu sabiil, wapaulendo amene zamuthera panjira. Maulama adafotokoza kuti amalandira ngakhale kwawo ali wolemera, poti chuma chakecho sangachifikire. Ulendo wokachita zoipa adauchotsamo. Pa ulendo wongopitidwa mphepo adasiyana maganizo.

Ine ndili mbali ya omulandira, makamaka pa nsima ndi mphasa, zimene si zakaat n'komwe. Tikayamba kufunsa aliyense kuti "unadzukiranji kwanu?", otsala oti tiwathandize achepa kwambiri. Msodzi amalowa m'nyanja akuona kuti mwera wayamba. M'bale wathu amakwera basi ya ku Joni akudziwa kuti mapepala ake ndi osakwanira. Mavuto ambiri timawalowa ndi miyendo yathu, ndipo kuzizidwa kwa usiku umenewo n'chimodzimodzi kwa wanzeru ndi wopusa. Kumudzudzula kungadikire m'mawa, atamwa tiyi.

Chimene chimandivuta kwambiri chili kwa woyendayo, amene nthawi zambiri ndi ife tomwe ophunzira. January ndi February ndi miyezi imene nkhokwe zimakhala zitagona. Banja limene lakupatsa nsima ya usipa lachotsa pa mbale ya ana. Timakonda kunena kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma ufa umene wadyawo subwerera m'thumba. Iwe mawa lake mlatho ukakonzedwa upita, ukaumitsa zovala ku hostel, n'kulemba pa Facebook kuti anthu a kunyanja ndi ochereza, MashaAllah. Iwo atsala ndi mvula yomweyo mpaka April, denga likudontha pomwe lija unalijambula. Unawapempha kuti ujambule? Mavuto amene iwe wawalawa masiku atatu ngati zokometsera ulendo, kwa iwo ndi moyo wa chaka ndi chaka.

Sindikuti tisayende. Nyanja ija ndi yathu, ndipo n'zamanyazi kuti mlendo wa ku Germany adziwe Nkhotakota ya a Jumbe, kumene Chisilamu chidazika mizu m'zaka za m'ma 1800, kuposa mwana wa ku Chiradzulu. Koma m'chikwamamo, pambali pa chaja ndi jekete, mukhale shuga ndi sopo wosiyira pakhomo pamene wagona. Utenge nambala ya mwini nyumba. Ukafika kwanu, ndalama zikapezeka, Airtel Money ndi Mpamba zimafika mpaka ku Dwangwa.