Nkhalango Ziwiri za Friedrich

Caspar David Friedrich, katswiri wojambula wa ku Germany amene anabadwira ku Greifswald mu 1774, anasiya zithunzi ziwiri za mitengo zimene ndimalephera kuzilekanitsa ndikamaziganizira.

Choyamba anachimaliza mu 1810 ndipo lero chili ku Berlin. Amonke anyamula bokosi la maliro, akulowa pachipata cha bwinja la tchalitchi. Mitengo ya thundu yawazinga, yopanda tsamba ngakhale limodzi, nthambi zake zopindikapindika. Kwa ine zimenezi si zachilendo. Kwathu kuno, ngakhale mitengo ya m'mudzi itathera ku makala ndi nkhuni, msitu wa kumanda umatsala, nkhwangwa siilowako wamba. Mitengo imasunga akufa.

Chachiwiri ndi cha 1814. Msilikali wa ku France waima yekhayekha pa chipale chofewa, watifulatira. Kutsogolo kwake kuli mitengo italiitali yonga paini, yothithikana, mkati mwake muli mdima bii. Kumbuyo kwake khwangwala watera pa chitsa. Mu 1813 asilikali a Napoleon anali atadzaza mu Dresden, mzinda umene Friedrich ankakhala, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho anagonjetsedwa ku Leipzig. Ajeremani a nthawiyo sanafunikire wowamasulira chithunzicho. Nkhalangoyo inali dziko lawo likumeza mdani, monga mmene nkhalango ya Teutoburg inamezera magulu atatu a asilikali a Roma otsogozedwa ndi Varus m'chaka cha 9 A.D.

Komatu ndikachiyang'anitsitsa, chidani chimandikanika. Popeza nkhope ya msilikaliyo siioneka, maso anga amapita kumene akuyang'ana iye, ndipo mantha ake amandigwira inenso. Ndimaona mwana wa mwini, wotopa, wozizidwa, kutali ndi kwawo. Mitengoyo siidziwa yunifolomu yake, siidziwanso malire a mayiko. Ndi anthu amene amaipatsa mbali pa nkhondo zawo, lero n'kuitcha msungi wa makolo, mawa n'kuitcha manda a adani, iyo ili chiimire.

Mwina Friedrich ankafuna kuti anthu a kwawo akondwere poona chithunzicho. Ine ndimachiona kuti n'chachisoni kuposa cha 1810. Wakufa wa amonke uja ali ndi omuperekeza kumanda, koma msilikaliyu alibe womulira.