Nkhalamba ndi Mabungwe Ao ku East Germany

M'caka ca 1945, nkhondo yaikuru itatha, cisanu cili pafupi, zipani za ndale pamodzi ndi Akatolika ndi Aprotestanti zidayambitsa bungwe la Volkssolidarität mu mzinda wa Dresden, kuti lithangate amasiye ndi osowa pokhala. Pambuyo pake boma la Cikomyunizimu lidalitenga m'manja mwake, nilipatsa nchito ya kusamala nkhalamba.

Bungwelo lidatsegula nyumba zosonkhaniramo. Kumeneko agogo okhala okha ankapeza cakudya cotentha masana, cipinda cofunda, ndiponso anzao oceza nao. Mkristu asanyoze zimenezi: kudyetsa anjala ndi nchito ya cifundo, cinkana woicitayo akane Mulungu.

Komatu lamulo lacinai litiuza kulemekeza kholo cifukwa ndi kholo, pamene boma lija linkayesa munthu ndi mphamvu za manja ake. Lidamanga linga la Berlin m'caka ca 1961, nkumaombera ofuna kulidumpha. Kuyambira 1964 lidalola opuma pa nchito kukaceza kwa abale ao ku West Germany, acinyamata liwatsekerabe. Nkhalamba ikapanda kubwerera, boma silinkaifunafuna ai: penshoni yake inkatsala m'thumba la boma.