Mamita 4 a ku Saint-Louis: kodi wopulumutsa anthu angakhale ndi ngongole?

Lero tiyeni ku Senegal ndi funso ili: ukapulumutsa anthu lero, ena n'kudzavutika mawa chifukwa cha chipulumutso chomwecho, kodi walakwa?

Mzinda wakale wa Saint-Louis uli pachilumba mumtsinje wa Senegal. Pakati pa mtsinjewo ndi nyanja ya Atlantic pali mtunda wamchenga, wautali koma wopyapyala, wotchedwa Langue de Barbarie. Anaumanga ndi mafunde, omwe amakoka mchenga kuchokera kumpoto kupita kumwera. Mchengawo unkakankhira mathiriro a mtsinje kumwera, moti madzi akadutsa mzinda ankayendabe makilomita pafupifupi 30 asanalowe m'nyanja.

Mu Okutobala 2003 mtsinje unadzaza ndipo mzinda unatsala pang'ono kumira. Akuluakulu a boma analamula kuti akumbe ngalande yodula mtunda uja, makilomita pafupifupi 7 kumwera kwa mzinda, kuti madzi apeze njira yachidule. M'lifupi mwake inali mamita 4 basi. Ndipo zinathekadi, madzi anaphwa, mzinda unapulumuka.

Komatu walira mvula walira matope. Madzi a mtsinje potuluka ndi a m'nyanja polowa anayamba kudya m'mbali mwa ngalandeyo. M'masiku ochepa inakula kuposa mamita 100, ndipo patapita zaka inafika makilomita angapo. Mathiriro akale aja anatsekeka ndi mchenga chifukwa madzi anasiya kuwatsuka. Midzi imene inkabisala kuseri kwa mtunda uja inayang'anizana ndi mafunde. Mudzi wa Doun Baba Dièye unakokoloka, anthu n'kusamuka. Madzi amchere analowa m'minda ndi m'zitsime za ku Gandiol. Asodzi a ku Guet Ndar poyamba anakondwa ndi njira yachidule yolowera m'nyanja, koma ambiri amira pamalo omwewo.

Ndiye tiweruze bwanji? Wina anena kuti, “Aaa, akanatani? Angoyang'ana mzinda ukumira?” Ndikumumvetsa. Nyumba ikamapsa suyamba wakhala pansi kuwerengera mtengo wa madzi. Kuweruza lero, tikudziwa kale mathero ake, n'kophweka kusiyana ndi kusankha usiku uja.

Koma kwa ine nkhani sithera pa usiku umenewo. Kusalakwa ndi kusakhala ndi ngongole ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ukathyola mpanda wa mnzako pothawa moto, palibe angakutche wakuba, komabe mpandawo uyenera kukaumanganso. Anthu a ku Doun Baba Dièye analipirira chitetezo cha mzinda ndi nyumba zawo ndi minda yawo. Choncho kuwathandiza si chifundo ayi, ndi kubweza. Ndipo wobweza sindiye wokumba yekha, ndi onse amene anagona pouma chifukwa cha ngalandeyo.

Mchenga ukutiphunzitsanso china: sutha, umangosamuka. Ukasowa pano ndiye kuti waunjikana kwina. Mavuto ambiri amene timati tathana nawo ali chonchonso, tangowasamutsira kwa munthu amene mawu ake samveka patali.

Ife amene tinachoka kwathu izi tikuzidziwa. Ambirife tinanyamuka mwachangu, zinthu zitathina, ndipo sitinalakwe. Koma mpata umene tinasiya sunakhale mamita 4. Pali mlongo amene akusamala mayi yekha, pali mwana amene akukula ndi agogo. Sindikuti tidziimbe mlandu, eti. Ndikungoti sabata ino, musanatumize ndalama, muimbire foni munthu amene anatsala pampatapo, mumufunse kuti mafunde afika pati. Ndipo akamayankha, musamudule.