Bwana akatuluka, ntchito imatsala ndi yani?

Pa Zalewa galimoto zimayamba zaima. Pali rodibuloko ya apolisi pafupi ndi mlatho wa Shire, ndipo msewu wochokera ku Blantyre umagawikana chapomwepa, wina kulowera ku Lilongwe, wina ku Mwanza mpaka ku Tete. Malowa ngodzaza ndi anthu ogwira ntchito ya eni: dalaivala wa lole amene mwini wake ali kutali, kondakitala woyenera kukapereka ndalama madzulo, mtsikana wa m'golosale, mnyamata woyera ndi ufa pachigayo. Onsewa ali ndi bwana, koma ambiri samuona tsiku lonse.

Ndiye chimawagwiritsa ntchito n'chiyani? Mabwana ambiri sachedwa kuyankha: mantha. Amati wantchito ukamusekerera amakuzolowera.

Maganizo amenewa anayesedwapo. Mu 1939, Kurt Lewin ndi anzake Ronald Lippitt ndi Ralph White anagawa anyamata a zaka pafupifupi 10 m'timagulu ku Iowa, m'dziko la America, n'kuwapatsa ntchito zamanja. Kagulu kena kanali ndi mtsogoleri wongolamula, kena wokambirana nawo, kena wongowalekerera. A kwa wolamula ankagwiradi kwambiri iye akakhalapo, koma akangotuluka panja manja ankalefuka. A kwa wokambirana ankapitiriza ngakhale atasiyidwa okha. Atafunsidwa, anyamata 19 mwa 20 anati anakonda wokambirana kuposa wolamula. Koma asanyadire mabwana aulesi: kagulu kolekereredwa kaja sikanapindule, kanangotha nthawi n'kusewera. Wantchito safuna bwana wofewa ngati phala. Amafuna munthu wodziwa kumene ntchito ikupita, amenenso amamva akauzidwa.

Amalawi safunikira kukaphunzira zimenezi ku Iowa. Agogo awo anadziwa thangata, ndipo anadziwa chikoti cha kapitawo. Pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, woyang'anira wake William Jervis Livingstone ankamenya antchito, kuwadula malipiro ndi kuwotcha matchalitchi amene otsatira a John Chilembwe ankamanga. Thonje linkalimidwa ndithu, ndipo woona patali akanati ulamulirowo ukuyenda. Zimene antchitowo ankaganiza zinadziwika usiku wa pa 23 January 1915, pamene Livingstone anaphedwa m'nyumba mwake. Ngakhale bungwe lofufuza la boma la atsamunda linavomereza pambuyo pake kuti anthu pa esitetiyo ankachitidwa nkhanza.

Apa nkhaniyi yasanduka yachipembedzo, chifukwa ntchito ya munthu wosaonedwa ndi nkhani ya chikumbumtima. Mtumwi Paulo, m'mutu 6 wa kalata yake kwa Aefeso, amauza akapolo kuti asamagwire ntchito pokhapokha diso la mbuye wawo lili pa iwo. Abusa amaikonda ndime imeneyi. Koma pomwepo Paulo amatembenukira kwa ambuyewo, n'kuwaletsa kuopseza, powakumbutsa kuti nawonso ali ndi Mbuye wawo kumwamba amene sayang'ana nkhope. Malangizo awiriwa sangalekanitsidwe. Amene amalamula moopseza ndiye amaphunzitsa anthu ake kugwira mwachiphamaso, kenako n'kumadandaula kuti antchito a masiku ano ngosakhulupirika. Wafesa yekha, ndipo n'kulakwa kutula mlandu wonse pa wantchito.

M'boma la Neno, momwe muli Zalewa, muli ntchito imene bwana sangailondole ngakhale atafuna. Kuyambira mu 2007, bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo lakhala likugwira limodzi ndi Unduna wa Zaumoyo, ndipo lili ndi anthu a m'midzi amene amayendera mabanja khomo ndi khomo. Amafunsa ngati wodwala akumwa mankhwala, ngati mayi woyembekezera wapita kusikelo, ngati mwana akunyentchera. Kumapiri kuja, nyengo ya dzinja matope ali m'mawondo, palibe kapitawo angaime kumbuyo kwawo. Malemu Paul Farmer, mmodzi mwa amene anayambitsa Partners In Health (bungwe limene kuno limatchedwa Abwenzi Pa Za Umoyo), yemwe anamwalira mu 2022, ankaumirira kuti anthu otere aziphunzitsidwa, azilipidwa ndi kupatsidwa zipangizo, osati kungowathokoza pamsonkhano. Anazindikira kuti sungapemphe munthu kusamala wodwala pamene iwe sukumusamala.

Pachigayo ndi m'golosale muyeso ngomwewo, ngakhale antchito sautchula mokweza. Kodi malipiro amabwera tsiku limene munagwirizana? Mwana akadwala, amakulola kuthamangira kuchipatala ku Lisungwi osakudula ndalama? Ndalama zikaperewera, amayamba wafunsa, kapena amakutcha wakuba pamaso pa makasitomala? Bwana wokalipa koma wolipira pa nthawi yake anthu amamupirira. Womwetulira amene amati "mawa" mwezi wonse samukhululukira.

Mipingo ya pa Zalewa ili ndi mwayi umene bwalo la milandu ya apantchito lilibe: patsiku lopembedza, mwini chigayo ndi mnyamata wake amakhala m'nyumba imodzi, kumva mlaliki mmodzi. Mnyamatayo wamva kambirimbiri kuti azimvera. Mlaliki amene afika pa Aefeso 6 awerenge mpaka vesi 9, ndipo ayang'ane kumipando yakutsogolo, ngakhale amene akhala pamenepo ndiwo anagula malata a tchalitchi.