Dzina m'Buku la Masankho: Kodi Munthu Angalekerere Anzake?

Pa 4 Januwale 2018, mu mzinda wa Richmond, likulu la chigawo cha Virginia ku America, akuluakulu oyang'anira masankho adalemba maina awiri pa timapepala, naika kapepala kalikonse m'kachitini kake, naponya tizitini tiwirito m'mbale yadothi. Mmodzi wa iwo adapisa dzanja m'mbalemo natulutsa kamodzi. Dzina limene lidatuluka lidali la bambo David Yancey. Limene lidatsalira lidali la mai Shelly Simonds. Awiriwa adapikisana pa mpando wa m'nyumba ya malamulo ya chigawocho pa masankho a Novembala 2017, ndipo mavoti atawerengedwa kawiri, oweruza ataonanso pepala limodzi limene padali mkangano, kudapezeka kuti aliyense adalandira mavoti 11,608. Lamulo la Virginia limati zikatero achite maere. Tsono maerewo sadagamule za mpando umodzi wokha ai. Nyumbayo ili ndi mipando 100, ndipo chifukwa cha dzina lidatulukalo chipani cha Republican chidakhala ndi mipando 51, cha Democratic 49. Mai Simonds akadapeza voti imodzi yokha yoonjezera, zipani ziwirizo zikadalingana mphamvu.

M'dera lomwelo mudali anthu ambiri amene tsiku la masankho adakhala kunyumba, ndi enanso amene sadalembetse nkomwe maina awo. Kodi anthu amenewa adalakwa? Kapena kuvota ndi nkhani ya kukonda kwa mwini, monga kusankha mtundu wa malaya? Funso limeneli ndi la chikumbumtima, ndipo liyenera kuyankhidwa mosathamanga.

Poyamba pafunika kudziwa m'mene zinthu zimayendera m'dzikomo. Dziko la United States lili ndi zigawo 50, ndipo chigawo chilichonse chili ndi bwanamkubwa wake, nyumba yake ya malamulo ndi mabwalo ake a milandu. Maso a dziko lonse lapansi amayang'ana pa chisankho cha pulezidenti, komatu zambiri zokhudza moyo wa munthu wamba zimagamulidwa ku chigawo: za masukulu, za ndende, za misewu, za maukwati, ndi zilango za milandu yochuluka. Ngakhale nkhani ya kunyonga olakwa ili m'manja mwa zigawo. Chigawo chomwechi cha Virginia chidathetsa chilango cha imfa m'chaka cha 2021 mwa lamulo la nyumba yake ya malamulo. M'zigawo zambiri aphungu a chigawo ndiwonso amalemba malire a madera oponyera voti pakapita kalembera wa anthu onse, amene amachitika zaka khumi zilizonse. Chikhalirecho masankho a zigawo sakopa anthu. M'chaka cha 2020, posankha pulezidenti, pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse oyenera kuvota adavota. Koma m'chaka cha 2014, pamene zigawo 36 zinkasankha abwanamkubwa awo, ovota adangopitirira pang'ono munthu mmodzi mwa atatu.

Chinanso nchakuti ku America munthu savota chifukwa chongokwanitsa zaka. Ayenera kukhala nzika, wa zaka 18, wokhala m'chigawocho, ndiponso dzina lake liyenera kulembedwa m'buku la ovota. Zigawo zina zimatseka kalembera kutatsala masiku 30 kuti masankho achitike. Zina, monga Minnesota ndi Wisconsin, zimalola munthu kulembetsa tsiku lomwelo la masankho. Chigawo cha North Dakota chokha ndicho chilibe kalembera wotere, pakuti chidamuthetsa m'chaka cha 1951. Munthu akasamuka ayenera kukonzetsa dzina lake kumene wapitako. Kotero ntchito ya wovota ili pawiri: kulembetsa nthawi ikadalipo, ndi kukaponya voti tsiku lake likafika.

Wokana kuvota amayamba ndi mau awa: voti imodzi ndi dontho m'nyanja, singasinthe kanthu. Nkhani ya ku Virginia ikuoneka ngati ikumutsutsa, koma kunena zoona siimutsutsa kwathunthu. Masankho othera m'mbale ya maere ndi osowa zedi. Pa masankho ambirimbiri wopambana amapambana ndi mavoti mazanamazana kapena zikwi, ndipo munthu mmodzi akadakhala kunyumba zotsatira zikadakhala zomwezo. Wofuna kukopa anthu powalonjeza kuti voti yawo ndiyo idzagamule zonse ali kuwanamiza, ndipo iwo akadzazindikira adzaleka kuvota. Udindo wa kuvota uyenera kukhala ndi maziko ena olimba kuposa mwai.

Maziko ake ndi chilungamo. Akale adati mutu umodzi susenza denga. Anthu khumi ndi awiri akasenza denga la nkhokwe, mmodzi atachotsapo mutu wake denga siligwa. Koma wochotsa mutuyo sanganene kuti sadalakwe chifukwa denga lafika. Lafika pa mitu ya anzake. Iye adawerengera kuti enawo sachita monga wachitira iye, pakuti onse akadaganiza chimodzimodzi denga likadakhala pansi. Wokhala kunyumba tsiku la masankho ali chimodzimodzi. Amafuna kuti dziko lilamulidwe ndi anthu osankhidwa, osati olanda. Amafuna kuti bwanamkubwa woipa achotsedwe popanda mwazi. Ana ake amaphunzira m'sukulu za chigawo, iye amayenda pa misewu yake. Zonsezi zimaima pa anthu amene amapita kukaima pa mzere. Kulandira phindu la ntchito ya onse uku ukukana kachigawo kako kakang'ono ka ntchitoyo ndiko kudyera anzako masuku pamutu, ngakhale kachigawoko kachepe chotani.

Afilosofi akale, kuyambira Aristotle mpaka Thomas Aquinas, adaphunzitsa kuti munthu sadalengedwe kuti akhale yekha, ndi kuti lamulo loona ndi lokhalo limene limalinga ku ubwino wa anthu onse. Kumene kuli mfumu yobadwa nawo ufumu, mlandu wa malamulo oipa uli pa mfumuyo ndi nduna zake. Koma kumene anthu amasankha okha owapangira malamulo, kachidutswa ka ufumu kali m'dzanja la nzika iliyonse, ndipo kachidutswa ka mlandu kali momwemo. Munthu angathe kukana kugwiritsa ntchito mphamvu imeneyi, koma sangathe kunena kuti alibe.

Amene amayesa kalembera wa ovota chinthu chachabe akumbukire mtengo wake. Malamulo aakulu a dzikolo adasinthidwa m'chaka cha 1870 kuti munthu asaletsedwe kuvota chifukwa cha mtundu kapena khungu lake, ndiponso m'chaka cha 1920 kuti amai asaletsedwe. Koma popeza buku la ovota lidali m'manja mwa zigawo, zigawo za kumwera zidapeza njira zotsekera anthu akuda pakhomo: msonkho wolipira munthu asanavote, ndi mayeso a kuwerenga amene mlembi yekha ndiye ankagamula ngati munthu wakhoza kapena walephera. Pa 31 Ogasiti 1962 mai Fannie Lou Hamer, amene ankagwira ntchito m'munda wa thonje pafupi ndi Ruleville ku Mississippi, adapita ndi anzawo 17 ku Indianola kukalembetsa. Mlembi adawapatsa ndime ya malamulo aakulu a chigawocho kuti aimasulire, nawauza kuti alephera. Atabwerera, mwini munda adawauza kuti akafafanizitse pempho lawo kapena achoke; iwo adachoka pa malo pamene adagwirapo ntchito zaka 18. Adabwereranso kwa mlembi kufikira adalembedwa m'chaka cha 1963, ndipo chaka chomwecho adamenyedwa koopsa m'ndende ya ku Winona. M'mwezi wa Juni 1964 anyamata atatu, James Chaney, Andrew Goodman ndi Michael Schwerner, amene ankathandiza pa ntchito yolembetsa anthu akuda, adaphedwa m'dera la Neshoba. Pa 7 Malichi 1965 anthu oyenda ulendo wopempha ufulu wa kuvota adamenyedwa ndi apolisi a chigawo cha Alabama pa mlatho wa Edmund Pettus ku Selma.

Kodi anthu amenewa adali opusa kuti ataye ntchito, thanzi ndi moyo chifukwa cha dontho m'nyanja? Iwo ankadziwa chimene chimamuchitikira munthu wopanda dzina m'buku. M'chaka cha 1955 azungu awiri adazengedwa mlandu wopha mnyamata wakuda wa zaka 14, Emmett Till, ndipo anthu khumi ndi awiri ogamula mlanduwo adali azungu okhaokha, pakuti m'dera la Tallahatchie mudalibe munthu wakuda wolembedwa m'buku la ovota woti nkuitanidwa pa ntchitoyo. Opha mwanawo adamasulidwa. Wosalembedwa sasankha mkulu wa apolisi, sasankha woweruza, ndipo wofuna mpando alibe chifukwa chomumvera. Pulezidenti Lyndon Johnson atasaina lamulo loteteza ufulu wa kuvota pa 6 Ogasiti 1965, zinthu zidasintha msanga: ku Mississippi anthu akuda olembedwa adali osakwana 7 mwa 100 alionse m'chaka cha 1964, koma pofika 1967 adayandikira 60 mwa 100. M'chaka cha 1966 bwalo lalikulu la milandu la dzikolo lidaletsa msonkho wa voti pa masankho a zigawo. Mdzukulu amene lero angathe kulembetsa m'mphindi zochepa, potenga chiphaso choyendetsera galimoto monga lamulo la 1993 lidalolera, koma osalabadira, ali ngati mwana wosiya thengo munda umene makolo ake adauswa ndi thukuta.

Wokana kuvota ali ndi mau achiwiri, ndipo awa ndi olemera kuposa oyamba aja. Amati: onse opikisana ndi oipa, kuvotera mmodzi ndiko kuvomereza zoipa zake, kuli bwino kusunga manja oyera. Munthu wotere sayenera kunyozedwa, pakuti ali kulankhula za chikumbumtima. Koma pali kusiyana pakati pa kufuna choipa ndi kuchepetsa choipa. Wovotera munthu chifukwa chakuti adzazunza ena wagwirizana naye pa choipacho. Koma woona kuti mwa awiriwo mmodzi adzalamulira ndithu, nasankha amene adzaononga pang'ono, cholinga chake ndi kutchinjiriza, ndipo mlandu wa zoipa zimene sadazifune suli pa iye. Komanso pepala la masankho a chigawo silikhala ndi mpando umodzi wokha. Pamakhala bwanamkubwa, aphungu, kawirikawiri oweruza ndi oyang'anira sukulu, ndipo m'zigawo zambiri pamakhalanso mafunso a malamulo amene anthu eni ake amayankha kuti inde kapena ai. Amene chikumbumtima chake chamuletsa pa mzere umodzi angathe kuusiya wosalemba nayankha pa mizere inayo. Kusiya mwadala, utaganiza bwino, ndi ntchito ya nzeru. Kukhala kunyumba chifukwa cha ulesi, nkuutcha ulesiwo chiyero, ndi kudzinyenga.

Apa pakuonekanso kuti udindowu sukwanira ndi kuponya pepala m'bokosi basi. Safunsa adadya phula. Wovota ayenera kudziwa amene ali kuwasankha, zimene adachita kale ndi zimene ali kulonjeza. Ndipo ayenera kudzifunsa ngati kusankha kwake kukomera iye yekha kapena kukomeranso mkaidi, mwana wa mphawi ndi wodwala amene alibe womulankhulira. Voti yoponyedwa mwa chidani, kapena yogulitsidwa, ingathe kuipa kuposa voti yosaponyedwa.

Si onse osavota amene ali ndi mlandu. Udindo umafika pamene mphamvu za munthu zimafika. Wodwala, wogwira ntchito kuyambira m'mamawa kufikira usiku pa Lachiwiri limene masankho amachitika, wokhala kutali ndi malo ovotera, amene dzina lake lidafafanizidwa iye osadziwa, sangayesedwe ndi muyeso umodzi ndi munthu amene adangonyalanyaza. Ndipo apa mlandu umatembenukira kwa olamula. Buku la ovota lili ndi ntchito yabwino: kuonetsetsa kuti wovota ndi nzika, ndi kuti savota kawiri. Koma mbiri ya ku Mississippi idaonetsa kuti buku lomwelo lingasanduke mpanda. M'chaka cha 2013 bwalo lalikulu lija lidathetsa ndime ya lamulo la 1965 imene inkasonyeza zigawo zoyenera kupempha chilolezo ku boma lalikulu zisanasinthe malamulo awo a masankho, ndipo kuyambira pamenepo mikangano ya ziphaso ndi ya kufafaniza maina idakula. Zigawo zina zidatsata njira yofewetsa, monga Oregon, kumene ovota amalandira mapepala awo pa positi ndipo kuyambira 2016 boma limalemba lokha nzika zoyenera. Muyeso woyesera lamulo lililonse lotere ndi umodzi: kodi lapangidwa kuti litseke wachinyengo, kapena kuti litopetse wosauka? Wopanga lamulo lotopetsa anthu mwadala ali ndi mlandu woposa wa onse okhala kunyumba.

Tsono yankho la funso lija nali. Kulembetsa ndi kuvota ndi udindo weniweni, wochokera m'chilungamo chimene munthu ali nacho ngongole kwa anzake okhala nawo pansi pa lamulo limodzi. Si udindo wolemera mofanana nthawi zonse: umakula pamene nkhani zili pa pepala zikhudza moyo ndi ufulu wa anthu, ndipo umachepa kapena kutha pamene pali chopinga chenicheni. Koma wosalembetsa chifukwa chakuti ena alembetsa, ndi wosavota chifukwa chakuti ena avota, wasiya mtolo wake pa mitu ya anzake. Nthawi zambiri sipadzakhala womufunsa. Tsiku lina, monga zidachitikira ku Richmond, malo ake adzatengedwa ndi mbale yadothi ndi dzanja lopisa mosaona.